Satifiketi yosamalira ma seva: nditenge iti?

Funso: Ndimayang'anira makompyuta pa ofesi ina kuno ku Zomba ndipo ndikufuna satifiketi ya ntchito yosamalira ma seva (makompyuta amene amasunga mafayilo ndi kutumikira makompyuta ena), koma ndasokonezeka pakati pa RHCSA, LPIC-1 ndi za Microsoft. Komanso abwana akuti kulipira kampani imene inapanga pulogalamu kuti izitithandiza ndi kutaya ndalama. Kodi akunena zoona?

Yankho: Achimwene, musanaganize za mayeso alionse, pitani pa seva ya pa ofesi panu mukaone pulogalamu yaikulu imene ikuyendera. Ngati ndi Linux lembani cat /etc/os-release, ngati ndi Windows lembani winver, kenako fufuzani tsiku limene eni ake anasiya kapena adzasiye kuitumizira zokonza. Ndimaumirira zimenezi chifukwa m'maofesi ambiri amene ndimaitanidwako, kuyambira ku Matawale mpaka ku Domasi, ndimapeza CentOS 7, mtundu wina wa Linux, ikuyendabe ngakhale kuti thandizo lake linatha pa 30 June 2024, mwinanso Windows Server 2012 R2 imene Microsoft inaisiya mu October 2023. Eni ofesi akaona kagetsi kobiriwira kakuphethira pa bokosilo amakhazikika mtima pansi, osadziwa kuti akugona chitseko chili chosakhoma.

Chimene mwapezacho ndicho chikusankhireni satifiketi. Ngati ndi Linux ya mtundu wa Red Hat, Rocky Linux kapena AlmaLinux, tengani RHCSA, satifiketi ya kampani ya Red Hat. Mayeso ake, a EX200, alibe mafunso ochonga: amakukhazikani pa makina kuti mugwire ntchito yeniyeni, ndipo zimene mwakonzazo ziyenera kugwirabe ntchito makinawo akazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Satifiketiyi imakhala zaka 3. LPIC-1, nayonso ya Linux, ndi ya mayeso awiri, imakhala zaka 5 ndipo siyimangika pa kampani imodzi. Satifiketi ya Microsoft yotchedwa MCSA inathetsedwa mu January 2021, choncho amene akukuitanirani maphunziro ake akungofuna ndalama zanu.

Abwana anu muwafotokozere mwaulemu kuti cholipiracho ndi zokonza zotseka mipata imene akuba amalowera, komanso mwayi wolembera akatswiri a kampaniyo seva ikagwa pa tsiku la malipiro. Ngati ndalama palibe, Linux yotchedwa Ubuntu LTS imalandira zokonza kwaulere kwa zaka 5. Chimene sindipirira ndi Windows Server yakuba yochokera pa fulashi ya mnzanu, yolumikizidwa ku UPS (chipangizo chosunga magetsi) yotchipa imene batire lake linafa kalekale. Pophunzira, Red Hat imalola munthu payekha kuika Linux yake, RHEL, kwaulere pa makina okwana 16, ndiye laputopu yakale ikukwanirani.