Chimene manambala 42-1-2 amatanthauza kwa anthu a ku Maine

Bambo wina amene wayamba kumene ntchito mumzinda wa Portland, m'dera la Maine ku America, wanditumizira imelo yofunsa chifukwa chimene anzake a kuntchito amatchulira manambala akuti 42-1-2 monyadira kwambiri, ndiponso ngati n'zoona kuti mnyamata mmodzi, Paul Kariya, ndiye anawatengera chikho payekha.

Bambo, manambalawo ndi zotsatira za timu ya hockey ya pa ayezi ya yunivesite ya Maine, yotchedwa Black Bears, mu nyengo ya 1992 mpaka 1993. Timuyo inapambana masewero 42, inagonja kamodzi, inalepherana ndi anzake kawiri, ndipo pamapeto pake inatenga chikho cha NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji a ku America, koyamba m'mbiri ya sukuluyo. Amene anaigwetsa kamodziko ndi Boston University, ndi zigoli 7 kwa 6 mu nthawi yowonjezera, pabwalo la Maine lomwe la Alfond Arena ku Orono.

Anzanuwo sakukokomeza za luso la Kariya. Mnyamatayu anachokera ku Canada, anali ndi zaka 18, ndipo m'chaka chake choyamba pasukulupo anamwetsa zigoli 25 ndi kupatsira anzake maulendo 75 amene anabala zigoli. Anakhala wophunzira wa chaka choyamba woyambirira kulandira mphoto ya Hobey Baker, imene imaperekedwa kwa katswiri woposa onse m'makoleji. Komabe sindikuvomereza kuti chikhocho chinali cha iye yekha, chifukwa m'masewerowa wosewera amatopa msanga ndipo amatuluka pakangotha mphindi imodzi kapena kucheperapo kuti alowe wina, kotero kuti ngakhale katswiri amathera nthawi yaitali ali pabenchi. Timu yopanda anthu odalirika ambiri singafike pa 42.

Umboni wake uli pa masewero otsiriza, amene anachitikira ku Milwaukee pa 3 April 1993. Maine inakumana ndi yunivesite ya Lake Superior State, eni chikho a chaka cha 1992, ndipo pakutha kwa zigawo ziwiri mwa zitatu inali kumbuyo ndi zigoli 4 kwa 2. Mphunzitsi Shawn Walsh anachita chinthu chofuna kulimba mtima: anatulutsa goloboyi Mike Dunham nalowetsa Garth Snow, amene sanalolenso kampira kakuda ka masewerowa kudutsa. Kenako kaputeni Jim Montgomery, amene anali m'chaka chake chomaliza, anamwetsa zigoli zitatu motsatizana m'kati mwa mphindi zosakwana zisanu, ndipo zonse zitatu anachita kupatsiridwa ndi Kariya. Masewero anatha 5 kwa 4. Kunena zoona, popanda diso la Kariya zigolizo sizikanapezeka, koma popanda dzanja la Montgomery ndi kukhazikika kwa Snow pagolo, nyengo yonseyo ikanathera m'misozi. N'chifukwa chake mphoto ya wosewera wopambana mu mpikisanowo inapita kwa Montgomery. Tisaiwalenso kuti mu semifayinolo anapulumukira mkamwa mwa mbuzi, pogonjetsa Michigan 4 kwa 3 mu nthawi yowonjezera.

Mukamacheza ndi anzanuwo mudzamva ena akunena kuti timu imeneyi ilibe inzake m'mbiri ya makoleji. Pamenepo pali mkangano, popeza timu ya yunivesite ya Cornell ya 1970 inapambana masewero ake onse 29 osagonja ngakhale kamodzi. Ine ndimaikira kumbuyo Maine, chifukwa inasewera masewero 45, ndipo kusunga mphamvu kwa nyengo yaitali chotero n'kovuta kwambiri.