SSD yadzaza pamene HDD ili pululu: magemu musawafufute, asamutseni

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati mu kompyuta yanu muli ma drive awiri osungira zinthu: SSD (drive yothamanga) ya 500GB pamene pali Windows, ndi HDD (hard disk, yochedwerapo) ya 2TB yomwe ikungokhala, ndipo C:, yomwe ndi SSD ija, yafika pofiira posonyeza kuti yadzaza, moti mukuganiza zofufuta magemu ena kapena kuphatikiza ma drive awiriwo akhale chinthu chimodzi. Zophatikizazo zisiyeni. Ubwino wa SSD ndi liwiro, ndipo liwirolo mumalidyerera mukamasankha nokha chimene chikhalepo.

Kufufutanso musakuthamangire. Red Dead Redemption 2 yokha imafuna malo okwana 150GB, ndiye taganizirani mabandulo angati amene angapite tsiku limene mudzaifunenso. Ngati magemu anu ali pa Steam, pulogalamu yogulira ndi kutsegulira magemu, lowani mu Settings, kenako Storage, muwonjezere HDD ija kuti nayonso ikhale malo osungira magemu. Mukatero chongani gemu imene simukuisewera masiku ano n'kudina Move. Steam isamutsa yokha, ndipo gemuyo izitseguka monga kale. Mukadzaifunanso mwezi wamawa, mudzaibweza pa SSD mwa njira yomweyo osawononga data. HDD ija muziitenga ngati nkhokwe, pa SSD pazikhala magemu awiri kapena atatu amene mukuwasewera panopa basi. Chimene sindikufuna muchite ndi kudula foda ya gemu pamanja n'kukaiponya ku D: (HDD ija), chifukwa pulogalamu imene inaiika imakaisakabe pamalo akale, ikaisowa n'kuyamba kudawunilodanso.

Nanga ndi magemu ati oyenera kutsala pa SSD? Anthu ambiri amaganiza kuti SSD imakweza FPS (kuchuluka kwa zithunzi zimene gemu imaonetsa pa sekondi), koma imeneyo ndi ntchito ya graphics card ndi purosesa. Chimene SSD imachita ndi kufupikitsa nthawi yodikira gemu ikamatseguka, komanso kuchepetsa kudodomadodoma m'magemu a dziko lalikulu, momwe nyumba ndi misewu zimawerengedwa pa drive inu mukuyendetsa galimoto. HDD yabwino imawerenga pafupifupi 150 mpaka 200MB pa sekondi, pamene SSD wamba ya mtundu wa SATA imafika cha m'ma 550MB. Magemu ena atsopano anasiyiratu kunyengerera HDD: Starfield ndi Baldur's Gate 3 amafuna SSD, ndipo Cyberpunk 2077 inayamba kufunanso SSD mu 2023 itatulutsa update ya 2.0. Otero asachoke pa C: ngati mukuwasewera. Magemu akale ndi timagemu ting'onoting'ono tizipita ku HDD, kusiyana kwake ndi masekondi ochepa odikira basi.

Koma ndikukayika ngati magemu okha ndi amene adzaza C: yanuyo. Ikani WizTree kapena WinDirStat, onse ndi aulere, muone ndi maso mafoda amene akudya malo. Kawirikawiri wakuba amapezeka mu Downloads, momwe mafayilo a setup ndi ma zip amene munawamasula kalekale adakali khale, komanso mu Videos, momwe Xbox Game Bar ndi pulogalamu ya Nvidia zimasunga makanema amene mwajambula mukusewera. Mafoda amenewa Windows imalola kuwasamutsa bwinobwino: dinani kumanja pa Downloads, sankhani Properties, kenako Location, kenako Move, mulozere foda imene mwapangiratu pa D:. Chitani chimodzimodzi ndi Videos, Pictures ndi Music. Samalani pano kuti mulozere foda, osati D: yenseyo, apo ayi drive yonse isanduka Downloads ndipo kukonza kwake n'kotopetsa.

Ngati mwangokweza Windows posachedwa, pali foda ya Windows.old yosunga Windows yakale, ichotseni kudzera mu Disk Cleanup. Palinso fayilo yobisika ya hiberfil.sys yomwe imatenga ma GB angapo malinga ndi kukula kwa RAM yanu. Fayiloyi ndi ya hibernate, njira yozimitsira kompyuta osataya zimene munatsegula; ngati simuigwiritsa ntchito, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe powercfg /h off, ichoka yokha. Mafoda a AppData ndi Program Files, komanso pagefile (fayilo imene Windows imathandizira nayo RAM), musazikhudze, zikhale pa SSD pomwepo. Ma save a magemu ambiri amakhala mu AppData kapena mu Documents, ndipo ndi tinthu tating'ono.

SSD yolembedwa 500GB imaoneka ngati 465GB mu Windows, sikuti anakuberani. Pamenepo siyani ma GB 70 kapena 80 opanda kanthu. SSD yodzaza thothotho imayamba kuchedwa polemba, ndiponso Steam ikamaika update ya gemu yaikulu imafuna malo ena apadera pa drive yomweyo, ikawasowa imangoima panjira.

Kusamutsa 100GB kupita ku HDD kumatenga mphindi zingapo ndithu, ndiye ngati mulibe UPS (batire yosunga kompyuta yoyaka magetsi akathima) sankhani nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sathima kwanuko. Akathima zili mkati, musade nkhawa msanga: lowani mu Properties ya gemuyo, Installed Files, mudine Verify integrity of game files, Steam ikonza zimene zasokonekera.

Mukadzapeza ndalama, yambani mwaona ngati motherboard yanu ili ndi malo a M.2 (polowetsa SSD yaing'ono yopyapyala) opanda kanthu. Ngati alipo, gulani SSD ya mtundu wa NVMe, yolowa pamenepo, ya 1TB ikhale ya magemu okhaokha, HDD itsale ya makanema, zithunzi ndi magemu akale.