Ndamulipirira fizi ndi fodya, ndiye abwererenso ku khasu?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Santhe, ndalifupikitsa: "Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino Fomu 4. Ine ndimafuna apange unamwino kapena uphunzitsi koma iye akuti zaulimi ndi zachilengedwe basi, zinamulowa ali mu kalabu ya kusukulu komwe ankalima dimba ndi kufesa mitengo. Fizi yake ndakhala ndikuipeza mu fodya, msana unatha uwu, ndiye abwererenso ku khasu lomwelo?"

Bambo, nkhawa yanuyi ndikuimva. Kwathu kuno tinakula tikuopsezedwa kuti ukalephera sukulu udzakhala mlimi, pena chilango cha wochedwa chinali kukalima kumunda wa ahedi, nde mwana akatchula zaulimi kholo limamva ngati fizi yonse yathiridwa m'chitsime. Koma amene analimako dimba la kalabu mosakakamizidwa ndi mphunzitsi, n'kumakathirira ngakhale Loweruka, ameneyo musamutenge mwachibwana.

Tiyambe ndi kopita. LUANAR, yunivesite ya boma ya zaulimi ndi zachilengedwe, ili ndi koleji ya Bunda komwe kuli madigiri a zambewu, ziweto, ulimi wamthirira, nkhalango ndi bizinesi yaulimi, ndipo kusankhidwa kwake kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ngati mayunivesite ena onse aboma. Pamafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo makosi ambiri amayang'ana Masamu, Biology ndi Chemistry, osati Agriculture yokha ayi. Apa ndi pamene ana ambiri amagwera, amakonda dimba koma Masamu anawataya ali Fomu 2. Mapointsi akapanda kufika pali madipuloma ku koleji ya Natural Resources (NRC), yomwenso ili pansi pa LUANAR, komanso musaiwale Mwimba konkuno ku Kasungu, koleji ya zaulimi ya ARET, bungwe la kafukufuku wa fodya, simufunikanso kulipira thiransipoti yodutsa maboma atatu. Ngati mtima wake uli pa mitengo ndi nyama, ku Dedza kuli koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire, Mzuni nayo ili ndi digiri ya zankhalango.

Za ntchito sindikunamizani. Boma silimalemba alangizi chaka chilichonse, ndipo alipo ambiri ali ndi mapepala awo mu sutikesi akudikira. Ena amalowa m'mabungwe, m'makampani a mbewu, m'maesiteti, ena ku paki. Chibwerereni njovu 263 ku paki ya Kasungu kuchokera ku Liwonde mu 2022, anthu a m'malire mwa paki yathuyi akhala akudandaula za minda yawo, ndipo nkhani ngati zimenezo zimafuna ana odziwa nyama komanso odziwa kukhala pansi ndi mafumu. Koma ubwino wa kosi yaulimi ndi woti ntchito ikachedwa munthu sukhala manja lende. Namwino sangatsegule chipatala kuseri kwa nyumba, koma uyu dimba atha kutsegula mawa.

Nde chimene ndingakupempheni ndi ichi. Pamene akudikira masankhowa, mupatseni kachigawo ka kudambo, mabedi 10 okha, keni imodzi ndi kope la 40 peji. Kopelo ndilo lofunika kuposa zonse. Alembe tsiku lofesa, ndalama ya mbewu, mankhwala, makeni angati pa bedi, ndi zimene wagulitsa ngakhale kampukutu kamodzi ka mpiru. Musamuthandize kuwerengera. Pakatha miyezi 3 mukhale naye pansi muone kopelo.

Mudzaphunzira zambiri za mwana wanu pamenepo kuposa pa satifiketi. Adzaona yekha kuti aliyense akabzala tomato nthawi imodzi mavenda amabwera ndi mabasiketi awo n'kumatchula mtengo okha ngati akukuchitira chifundo, pamene tomato wa m'dzinja, wovuta uja chifukwa cha matenda, ndi amene ali ndi ndalama. Adzaona kuti bonongwe ndi chisoso zimene timaziponda zili ndi ogula m'tauni. Feteleza mmene wadulira muja ayesere manyowa a Mbeya, kusakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, gaga, phulusa ndi madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki n'kusunga kwa masiku 21, kenako bedi lina athire ameneyu lina athire wa kusitolo, alembe kusiyana kwake. Ndi kafukufuku ameneyo, yemweyo amene akamupeze ku Bunda, kungoti uko adzavala gawuni yoyera.

Pambali pa dimba aike kanazale. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mitengo imene yathera mu zigafa ndi m'mabani, mapiri ameta mpala, zitsime za kudambo zimene kale zinkafika Novembala pano Seputembala zaphwa. Machubu 200 a nsangu, gliricidia ndi mtangatanga akafesedwa mu Ogasiti kapena Seputembala amakhala okonzeka nyengo yobzala mitengo ikamatsegulidwa mu Disembala, ndipo masukulu, mipingo ndi alimi anzanu a fodya amafuna mbande. Nsangu ndimaukonda ine, umayoyola masamba mvula ikayamba ndiye chimanga pansi pake sichisowa dzuwa komanso chimapeza chakudya. Koma bulugamu asayandikize kudambo chonde, amamwa madzi ngati ng'ombe yochokera ku ngolo. Ndipo mabedi asafike nawo m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, asiye udzu ndi bango zigwire dothi.

Mwina mudzapeza kuti pofika sabata yachitatu akudzuka 9 koloko, ndiwo zafota, kope lili ndi tsamba limodzi. Zikatero palibe chaipa, mwadziwa msanga musanalipire fizi ya zaka 4, ndipo mutha kukambirana za unamwino uja mwamtendere. Komatu muonetsetse kaye kuti sikuti ntchito zapakhomo zamuchulukira, ana aakazi timawasenzetsa mtondo, mtsuko ndi mapoto kenako n'kumati ndi aulesi.

Iwe mwana ngati ukuwerenga pafoni ya adadi, pita kwa mlangizi wa dera lanu ukadzionetse, umufunse ngati ungamamutsatire akamayendera makalabu. Ndipo fomu ya NCHE ikatuluka usadzaze wekha usiku, ubwere nayo pamodzi ndi magiredi ako tione makosi amene ungapikisane nawo. Kope lija usaliiwale kunyumba.