Bokosi losankha eriyo lokha: yankho kwa mnzathu wa ku Chilomoni

Mnzathu wina wa ku Chilomoni, yemwe ali ndi laisensi ya MACRA ya amateur radio (kulankhulana pa wailesi ngati chosangalatsa) ndi callsign (dzina lodziwika nalo pa wailesi) yoyamba ndi 7Q ya kuno ku Malawi, wanditumizira imelo. Akuti ali ndi maeriyo atatu, dipole (eriyo ya mawaya awiri) ya band ya 40m, ina ya 20m ndi vertical (eriyo yoimirira) ya 10m, pomwe wailesi yake ndi Yaesu ya mawati 100. Watopa nako kumasula PL-259 (pulagi ya chingwe cha eriyo) nthawi iliyonse akasintha band (gawo la mafunde a wailesi), ndiye akufunsa ngati angapange yekha chipangizo choti chizimusinthira.

Zitheka ndithu, achimwene. Pezani bokosi lachitsulo, ma SO-239 (masoketi olowetsamo PL-259) anayi ndi ma relay (masiwichi oyendera magetsi) atatu a 12V. Mawati 100 pa ma ohm 50 ndi pafupifupi 1.4A basi, choncho relay ya 10A ikukwanirani. Mawaya a m'bokosimo akhale afupiafupi, apo ayi SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera ku wailesi) ikukwererani pa 28 MHz, yomwe ndi band ya 10m. Timabodi ta relay togulitsidwa limodzi ndi Arduino (kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo) tisiyeni, sanatipangire RF (mphamvu ya mafunde a wailesi).

Mwayi wanu ndi woti mawailesi ambiri a Yaesu ali ndi potulukira BAND DATA, mawaya anayi onena band imene muli. Arduino Nano iziwerenga mawayawo n'kuyatsa relay yoyenera kudzera pa ULN2003, kachipangizo koyendetsera ma relay. Pa waya uliwonse wolamulira wopita ku bokosi (osati wa eriyo) ikanipo capacitor ya 10nF, kuopa kuti RF ingasokoneze Arduino. Musaiwalenso kuti dipole ya 40m imagwira pa 21 MHz, yomwe ndi band ya 15m, ndiye 15m muilozetse komweko.

Koma pamene pagona nkhani ndi apa. Relay isasinthe wailesi ikuulutsa. Ikatero, timano ta m'kati mwake timathetheka moto n'kupsa, ndipo kwa kanthawi wailesi imakhala ikukankha mphamvu kopanda eriyo, zomwe zingawononge ma transistor ake omaliza. Amenewo kuwapeza mu Limbe si masewera. Tengani waya wa TX GND (wosonyeza kuti wailesi ikuulutsa) kumbuyo kwa wailesi mulowetse mu Arduino, ndipo mu pulogalamu mulembe kuti wayawo ukasonyeza kuti mukuulutsa, pasasinthe kanthu ngakhale band itasintha. Ine bokosi lopanda chitetezo chimenechi sindingalilumikize pa wailesi yanga, bola kumangomasula pamanja.

Lumikizani ma relay mwakuti akakhala osayaka, eriyo iliyonse izigwera ku ground. Magetsi akazima, maeriyo onse amakhala atatsekeka okha. Kuipa kwake n'kwakuti mukamayendetsa wailesi pa batire, bokosinso lidyere pa batire lomwelo.

Poyesa koyamba, ikani dummy load (chipangizo chomeza mphamvu ya wailesi osaiulutsa) m'malo mwa eriyo, mutsitse mphamvu kufika mawati 5, muone SWR pa soketi ya eriyo iliyonse.

Za mphenzi musadalire bokosili. Kampata ka m'kati mwa relay n'kochepetsetsa, mphenzi imangodumpha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, mukaona mitambo yabii ku Michiru, zulani coax (chingwe cha eriyo) ku wailesi muiponye panja.