Sukulu ya boma, mwini wake ndani?

Amayi, mwafunsa kuti ngati pulayimale ndi yaulere komanso ya boma, bwanji akomiti akumapemphabe ndalama ya mlonda ndi yokumbira zimbudzi, ndiponso ngati kumayiko ena zimatero. Pafupifupi kulikonse, sukulu ya boma siikhala m'manja amodzi. Wolipira aphunzitsi ndi wina, wosamala nyumba ndi wina, wolemba silabasi ndi winanso.

Kwathu kuno silabasi imachokera ku bungwe lokonza maphunziro la MIE ku Domasi, mayeso ndi a MANEB ku Zomba, malipiro a aphunzitsi ndi a boma. Kuchokera pa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998, mapulayimale anaikidwa pansi pa makhonsolo, n'chifukwa chake mumamva za a DEM, akulu a maphunziro pa khonsolo, ndi a PEA, alangizi a mapulayimale a m'zoni omwe ofesi yawo ndi TDC. Masekondale akumpoto amayang'aniridwa ndi Northern Education Division, yomwe ofesi yake ili mu Mzuzu muno. Ndiye palinso mipingo: sukulu zambiri eni ake ndi Sinodi ya Livingstonia kapena Akatolika, boma n'kumangotumiza aphunzitsi ndi mabuku.

Vuto linayambira apa. Fizi itathetsedwa mu 1994, nthawi ya a Muluzi, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi, madesiki ndi zimbudzi sizinachuluke choncho. Ndalama yotukulira sukulu yotchedwa SIG, imene sukulu zimalandira kuchokera ku boma, ndi yochepa, ndiye chotsalacho chimagwera komiti, komiti n'kutembenukira kwa inu. Udindo unatsika kufika kumudzi, koma thumba linatsala ku Lilongwe.

Ku France amagawananso ntchito, koma mwadongosolo. Maphunziro aulere anayamba ndi malamulo a 1881 ndi 1882 a Jules Ferry, yemwe anali nduna ya maphunziro. Mphunzitsi ndi wantchito wa boma lalikulu, silabasi ndi imodzi dziko lonse, pomwe nyumba za pulayimale amamanga ndi kukonza ndi makhonsolo a m'tauni ndi m'midzi. Kusiyana kwake n'koti khonsolo yakumeneko ili ndi bajeti ya ntchito imeneyo, denga likadontha sapempha makolo.

America ndi nkhani ina, ndipo anzathu amene amati "zonse zisiyidwe kwa anthu akudera" amve bwino. Boma la ku Washington limapereka pafupifupi 10 peresenti yokha ya ndalama za sukulu. Zotsalazo zimachokera ku maboma a zigawo ndi ku madera a sukulu oposa 13,000, ambiri mwa iwo otsogozedwa ndi bodi yosankhidwa pa voti. Gawo lalikulu la ndalama za maderawo ndi msonkho wa nyumba ndi malo. Dera la nyumba zodula, sukulu yake imanona. Dera la osauka, sukulu imawonda. Tangoganizani sukulu za ku Chimaliro zikudalira msonkho wa nyumba za ku Chimaliro, za ku Masasa zikudalira wa ku Masasa. Ine njira imeneyo sindingailakelake.

Ku Netherlands, kuyambira 1917 boma limalipira sukulu za mipingo mofanana ndi zake, mwakuti ana ambiri amaphunzira m'sukulu zomwe boma silimayendetsa lokha. Zikufananako ndi ubale wathu ndi mipingo, kungoti kumeneko ndalama yake ndi yokwana. Ku Germany chigawo chilichonse mwa 16 chili ndi unduna wake wa maphunziro. Ku Finland amayendetsa ndi makhonsolo, ndipo mwana aliyense amadya nkhomaliro yaulere kusukulu kuyambira 1948.

Komwe tingatolepo nzeru msanga ndi ku South Africa, poti ambiri muli ndi abale ku Joni, mukhoza kuwafunsa. Lamulo lawo la 1996 linapatsa makomiti a sukulu mphamvu zenizeni, ndipo makolo ndiwo amakhala ochuluka mukomitimo. Sukulu anazigawa m'magulu 5 potengera umphawi wa dera. Magulu atatu osaukitsitsa salipiritsa fizi, ndipo boma limawapatsa ndalama zambiri pa mwana aliyense kuposa sukulu za olemera. Sikuti zonse zili bwino kumeneko ayi, madandaulo a ndalama zochedwa ndi nyumba zakutha aliponso, koma mfundo yoti wosauka alandire zochuluka inalembedwa m'malamulo.

Tsono amayi, musathamangire kunena akomiti kuti ndi mbava. Ambiri amagwira ntchito yongodzipereka. Koma kufunsa ndi ufulu wanu. Pa msonkhano wa PTA funsani kuti SIG ya chaka chino yabwera zingati, yagula chiyani, ndipo ndalama ya makolo ikulembedwa m'buku liti. Pemphani lisiti. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti pulayimale ndi yokakamiza, choncho mwana akabwezedwa kunyumba kaamba ka ndalama ya mlonda, yambani mwaonana ndi ahedi, zikakanika pitani kwa a PEA.