Za Basenji amene mukufuna kugulayo

Achemwali, pa funso lanu lija la galu wa mtundu wa Basenji amene mukufuna kugula, za chakudya ndi za kusambitsa ena ayankha kale, ine ndilankhule za galu weniweniyo poti ndinamuwetapo. Mwati mukufuna Basenji chifukwa munamva kuti sauwa ndiye aneba a ku fulati sangadandaule. Zoona sauwa ngati agalu enawa, kholingo lake linapangika mosiyana, koma sikuti ndi wachete ayi. Amalira mokweza mawu okhala ngati akuimba, ndipo mukamamutsekera yekha tsiku lonse muli ku ntchito aneba omwewo abwera kudzagogoda, inu pobwera mupeza watafuna sofa, nsapato, chaja, chilichonse chomwe anachifikira.

Ameneyu ndi galu wa alenje a ku Congo kuyambira kalekale, ankamuveka kabelu kamtengo pakhosi kuti azimumva ali m'nkhalango akuthamangitsa nyama kuti zikagwe mu ukonde. Mtima wosakawo sunathe. Akaona nkhuku, mphaka, kalulu, basi makutu atsekeka, muitane dzina mpaka mawu asase sabwera, ndipo fensi ya waya amakwera bwinobwino. Panja musamumasule chingwe. Ndi wanzeru koma wamakani, ndipo kwa alendo amangokhala patali, ndiye amene analemba kuti angakhale mlonda wa pa geti aja mwina sanamuonepo. Kagalu ka makilo 10 kapena 11 kosauwa kakulonderani bwanji?

Koma chomwe ndalembera ndi matenda a impso otchedwa Fanconi, omwe amayenda m'magazi a mtundu umenewu. Wanga ndinagula kwa munthu wina amene anandionetsa khadi la katemera basi. Atakula bwino ndithu, anayamba kumwa madzi modabwitsa, kukodza pafupipafupi, kuonda pomwe akudya. Veti woyamba atapeza shuga mu mkodzo anati ndi matenda a shuga, koma m'magazi shuga anali bwinobwino, ndipo chizindikiro cha Fanconi ndi chimenecho: impso zikutayira mu mkodzo shuga ndi michere yomwe imayenera kubwerera m'thupi. Pomwe tinkadziwa chenicheni galu anali atafooka kale. Matendawa sachizika, umangomupatsa mapilisi ambiri tsiku ndi tsiku moyo wake wonse, ndipo kuona galu amene ana anamuzolowera akutha pang'onopang'ono zinatipweteka kwambiri pakhomo. Nthawi zambiri amayamba galu ali ndi zaka 4 mpaka 8, ndiye pogula kamwana simungaone kanthu.

Chonde musapereke ndalama musanaone pepala la DNA la mayi ndi bambo ake onse, losonyeza ngati ali ndi Fanconi m'magazi kapena ayi. Kuyeza kwake kulipo, oweta enieni amayezetsa, akayamba kuzembazemba chokanipo. Mufunsenso za maso, ali ndi vuto lina lotchedwa PRA lomwe limachititsa khungu pang'onopang'ono. Mukamugula, akafika zaka 3 muzimuyeza mkodzo mwezi ndi mwezi ndi timapepala toyezera shuga ta ku famase tija, si todula.

Mtengo ku UK amapitirira mapaundi 1,000, ndiye wina akakuuzani wotchipa kwambiri pa Facebook dziwani kuti mwina ndi galu wa kumudzi wa mchira wopindika, poti akwathu ambiri amafanana naye ndithu maonekedwe. Kunena zoona wa kumudziyo ndi galu wabwino, kungoti musamugule pa mtengo wa Basenji.

Zabwino ali nazo, amadzinyambita ngati mphaka, sanunkha, ubweya suthothoka kwambiri, akakhala wathanzi amafika zaka 13 kapena 14. Mvula ndi kuzizira sagwirizana nazo. China choti mudziwe, wamkazi nthawi zambiri amabereka kamodzi kokha pachaka, ndiye oweta enieni amakulembani pa mzere mudikire. Amene ali ndi tiana chaka chonse mumufunse bwino akutitenga kuti.