Ma croissant pa Ku Chawe? Yambani kaye ndi crêpe

Achemwali mwafunsa ngati geni yogulitsa ma croissant ndi ma éclair, zophikaphika za ku France, kwa alendo okwera phiri la Zomba ingayende. Maganizowo ndi abwino ndithu koma mwayambira kovuta kwenikweni.

Croissant si sikono yoti mwakanda mwaponya mu uvuni basi. Mtanda wake mumakutira batala weniweni, osati majarini, kufulatitsa, kupinda patatu, kubweza mufiriji, kutulutsa kupindanso mpaka maulendo atatu kuti batala uja agawike mizere 27 yopyapyala, ndiyo imapangitsa kuti ukaluma izichita khofu. Batala akangosungunuka muli mkati mopinda ndiye kuti zada, mutulutsa banzi yamafuta. Tsono taganizani kutentha kwa Okutobala, magetsi athima m'mawa, firiji yayamba kudontha, komanso mtengo wa batala mukuudziwa nokha. Éclair ndiye osakamba, mkati mwake muli kirimu wa mazira ndi mkaka, akakhala padzuwa maola angapo mutsegulitsa anthu m'mimba ndipo mbiri yotere sichedwa kufika ku Chinamwali.

Ku France komweko chimene amakuphikira pamsewu iwe uli chiimire ndi crêpe, kachitumbuwa kafulati kopyapyala, kwawo kwenikweni ndi kuchigawo cha Brittany koma ku Paris ili ponseponse komwe kumadzadza alendo. Fulawa, mazira, mkaka, kashuga, kamchere, kabatala pang'ono, musakanize likhale phala lamadzimadzi, lisiyeni kaye ola limodzi. Kenako chiwaya chafulati pambaula, moto wapakatikati, kuthira chikho chimodzi n'kuzunguza mpaka ipyapyale, mphindi ziwiri yapsa. Firiji yaikulu kapena uvuni sizikufunika, kabokosi koziziritsa (cooler box) kosungira phalalo ndi mkaka kakwanira.

Mwayi wanu ndi zipatso za kuphiri komweko. Anyamata aja amatithamangira ndi timbale ta masitiroberi panjira ya Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi, gwirizanani nawo muziwapikula m'mawa. Ikatha nyengo yake pali nthochi, uchi, kapena ndimu ndi shuga basi, aku France amadya choncho. Juni ndi Julayi kumtunda kuja kumazizira zedi, crêpe yotentha ndi tiyi wamkaka munthu sangadutse.

Koma musawerengere azungu okha ayi. Munthu wachoka ku Paris sanakwere ndege kudzafuna croissant kuno, mwina adzakufunsani zitumbuwa. Amene adzakudyetseni ndi mabanja ochokera ku Blantyre Loweruka ndi Lamulungu, a ma photo shoot aukwati, ndi ma student a UNIMA, ndiye mkati mwa sabata tsikirani cha ku Chirunga ndipo mtengo ukhale umodzi kwa aliyense, zija zokweza mukaona khungu anthu amauzana.

Musanakhome benchi pitani ku khonsolo za chiphaso, ndipo kumtunda funsani a zankhalango makamaka nkhani ya moto. Nthochi muzivundikira, anyani akumeneko alibe manyazi.